Fani ya sola ija ndinagula ku Limbe, patha chaka tsopano, imvani zoona zake

Anthu akhala akundifunsa za fani imene ili m'shopu mwangayi, ena amalowa ngati akufuna kusoketsa koma maso ali pa fani, kufunsa mtengo wa siketi kenako "nanga ichi munagula zingati asisi" kkkk. Ndiye lero poti mwini madiresi a ukwati sanabwere kudzayesa, komanso dzuwa silikulola munthu kupalasa makina, ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Sindigulitsa mafani ine, ndine telala wa kuno kwa Ngabu, palibe amene wandipatsa kangachepe kuti ndiyamikire kapena kunyoza.

Kaye ndinene malo amene faniyi imagwirira ntchito, chifukwa mukapanda kudziwa zimenezo muona ngati ndikuilakwira. Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi ka malata, kopanda siling'i, zenera limodzi loyang'ana kumsewu, mkatimo muli makina awiri opalasa ndi mwendo, thebulo lodulira ndi simbi ya makala imene nayonso imawonjezera moto wake. Mu Okutobala ndi Novembala ikangokwana 10 koloko malata amayamba kulira okha, ndipo a zanyengo akamalengeza pawailesi kuti kwa Ngabu kufika madigiri 41 kaya 42 ife timangoti eya amenewo ndi a pamthunzi, a m'shopu mwanga palibe anabwera kudzayeza. Tsiku limene ndinamanga mfundo yogula fani ndi tsiku limene thukuta langa linadonthera pa bulauzi yoyera ya mayi wina wa mvano, madontho atatu pachifuwa penipeni, ndipo mayiwo sanakalipe ayi, anangoyang'ana nsalu ija n'kuyang'ana ine n'kuti "pepani asisi, kukutenthadi", zimene zinandiwawa kuposa akanangonditukwana.

Ndinagulitsa mbuzi ziwiri. Bambo a kunyumba anadandaula sabata yonse, akuti mbuzi imaswa koma fani siswa, ndipo panopa ndikaganiza za batire ndimaona kuti mwina anali ndi mfundo koma musakawauze. Unali Okutobala wa 2024, chaka cha ng'amba chija chimanga chinapsa m'minda anthu n'kumadalira mapira ochepa ndi zakudimba, ndiye kutenga ndalama ya mbuzi ziwiri kukagula mphepo zinkaoneka ngati misala ndithu. Ndinakwera minibasi m'bandakucha, Nchalo, Bereu, Dyeratu, kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, Thabwa, n'kuyamba kukwera phiri lija makutu kutsekeka, pofika Chadzunda ndinali nditafunda chitenje. Achimwene anga a ku Bangwe ndi amene anandiperekeza m'mashopu a ku Limbe. Moyo wa m'tauni ine umanditopetsa, aliyense akuthamanga ngati wasiya mphika pamoto, aliyense akukugunda phewa osapepesa, chikwama kumachigwira ngati mwana wakhanda, ndipo achimwene amalipira lendi ya zipinda ziwiri ndalama imene kuno ukhoza kukhala nyumba yonse ndi mpanda womwe. Koma mphepo yokhayo ndimawasirira. Mnyamata wa m'shopu imene tinagulamo anali kudzipepesa ndi katoni akuti "lero ndiye kwatentha madamu", ine ndili ndi chitenje m'mapewa, ndinangoseka ndati mwanawe tsika phiri tsiku lina udzaone.

Anayamba ndi K145,000, tinakokana mpaka K130,000, mtengo wa nthawi imeneyo, panopa musayembekezere kuupeza. Ndi fani yoima ndi mwendo wake, ya mainchi 16, masipidi atatu, kagetsi kutsogolo, pobayira foni, kalimoti kakang'ono, ndi panelo yolembedwa 20W. Imatchajidwanso ndi magetsi a pakhoma. Pakatoni panali chithunzi cha banja la azungu tsitsi likuuluka, ndi mawu akuti imagwira maola 10 mpaka 12 ikadzadza. Ndinamufunsa mnyamata uja kawiri, maola 12 enieni? Akuti "usiku wonse madamu, mudzachita kudzuka kufuna bulangete". Pobwerera kondakitala anafuna ndilipirire katoni mpando wake, tinakangana kuyambira mu Blantyre mpaka pa Thabwa pomwe kutentha kunatilandira ngati watsegula uvuni ya masikono, aliyense n'kukhala chete, mkangano n'kuthera pompo.

Zabwino ndisazibise. Masana panelo ili padzuwa, faniyi imazungulira kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 4 osapuma ndipo sindilipira kalikonse, magetsi athime asathime ine sizindikhudza. Phokoso lake ndi lochepa, wailesi ndimaimva bwinobwino. Pobayira foni paja pandithandiza kwambiri moti anzanga a mashopu oyandikana amabweretsa mafoni awo, wa matimati uja amandilipira ndi tomato. Kagetsi kake ndi kofooka, kulowetsa ulusi pa singano sikangakuthandize, koma kupeza machesi ndi kuona ngati pansi pali chinkhanira kamakwanira. Makasitomala nawo amakhala nthawi yaitali pabenchi, ndipo munthu akakhala nthawi yaitali pabenchi la telala mapeto ake amakumbukira kuti kunyumba kuli nsalu ina yosasoka. Izi zokha ndinganene kuti mbuzi imodzi inabwerera.

Koma chimene palibe anandiuza ndi chakuti fani siziziritsa mpweya, imangousuntha. Chimakuziziritsa iwe ndi thukuta lako lomwe likamauma. Ndiye ikafika 1 koloko mpweya wa m'chipinda cha malata ukatentha kuposa thupi lako, fani imakuponyera moto womwewo kumaso ngati dulaya ya ku saluni, maso kuuma, milomo kung'ambika. Sabata yoyamba ndinakhumudwa zedi, ndinkati ndagula chiyani ine. Amene anandiphunzitsa nzeru ndi apongozi anga, mayi a ku Tengani amene moyo wawo wonse sanagwirepo limoti, anangoti nyowetsa chitenje ukolowetse pachingwe kutsogolo kwake. Abale inu. Mphepo yodutsa pa chitenje chonyowa ndi ina, mpaka ndinakhala pansi n'kutseka maso. Chitenjecho chimauma mphindi zosakwana 20 ndiye ndowa ya madzi izikhala pafupi, ndipo samalani madzi asadonthere pa mota. Nzeru imeneyi imagwira mu Okutobala mpweya ukakhala wouma. Mu Januwale ndi Febuluwale mvula ikagwa dzuwa n'kutulukanso, chinyezi chija chochokera kumadambo a Shire chikadzadza paliponse, chitenje sichiuma, thukuta siliuma, fani imangokupukusa thupi lili nyatinyati. Pamenepo palibe chochita, kaya munagula ya ndalama zingati.

Kwa atelala anzanga, dziwani kuti chinthuchi chimadana ndi mapepala a patani. Tsiku loyamba ndinadula kolala iwiri ya mbali imodzi chifukwa pepala linatembenuka ndisakuona. Tizidutswa ta nsalu ndi ulusi zimakakamira kuseri pa mawaya ake, ukapanda kuchotsa sabata imodzi mota imayamba kununkha kutentha. Ndimaika miyala pa mapepala tsopano, ndipo simbi ya makala ndimasitira pakhonde chifukwa phulusa linaulukira pa yunifolomu ya mwana wasukulu. Mutu wake uja wopotoloka uku ndi uku unasiya kupotoloka pa mwezi wachinayi, kagiya ka pulasitiki kanatha mano. Mwendo wake ndi wopepuka kwambiri, mwana kungoigunda yagwa, ndiye ndinaunjikapo njerwa. Chingwe cha panelo n'chachifupi, sichinafike padenga mpaka tinalumikiza china.

Tsopano nkhani yaikulu, batire. Usiku woyamba ndinapita nayo kunyumba ili yodzadza, tinayala mkeka pakhonde monga timachitira nyengo ino poti m'nyumba simulowedwa, tinapachika neti, ndinaika sipidi 3, ana akusangalala ngati Khirisimasi. Tinagona cha m'ma 9. Ikumakwana 12 yazima yokha. Maola atatu. Ndinadzutsidwa ndi udzudzu ukulira kunja kwa neti ndi thukuta likutsika m'khosi, bambo a kunyumba ali m'mdima akuti "mbuzi zija zagona". Pa sipidi 1 ndi pomwe inkafika cha m'ma 4 m'mawa, koma sipidi 1 ukakhala mu neti mphepo yake siikufika, neti imaimwa yonse, pokhapokha faniyo uilowetse mu neti momwemo ndiye malo ogona amachepa. Ubwino wake udzudzu sukonda mphepo, mbali imene fani ikuomba sutera, koma musataye neti chifukwa cha zimenezo, malungo a kuno si masewera.

Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mawailesi ndi mafoni pamsika, anaitsegula pansi n'kundionetsa kabatire kakuda kolembedwa 12V 4.5Ah. Anatenga choko changa chomwe n'kulemba pathebulo, akuti 12 kuchulukitsa ndi 4.5 ndi 54, imeneyo ndiye mphamvu yonse ili m'menemu aunt, ndiye fani ikamadya mawatsi 18 pa sipidi yaikulu gawani nokha muone. Ndinagawa, 3. Ndiye kuti katoni sinaname kwenikweni, maola ambiri aja ndi a sipidi yaing'ono, batire ili yatsopano, mwinanso mutu osapotoloka, kagetsi kozima, foni osabaya. Ali ngati malonjezo a pamsonkhano, ukawafunsa amati tinanenadi koma simunamvetse. Anandiuzanso kuti mabatire a mtundu umenewu, a mtovu ndi asidi, mphamvu yake amayezera pa madigiri 25, ndipo kutentha kukamakwera moyo wake umafupika msanga, komanso amadana ndi kumaphwetsedwa mpaka kuzima tsiku ndi tsiku. Madigiri 25 kwa ife ndi nyengo ya juzi. Ndipo kuphwetsa mpaka kuzima ndi zimene ndinkachita usiku uliwonse, nanga ndani angadzuke pakati pausiku kukazimitsa fani ikadali ndi moto kuti asunge batire.

Inatsikadi pang'onopang'ono. Pofika Malichi maola atatu aja anali awiri. Juni ndi Julayi sindinaigwiritse ntchito kwenikweni, inangokhala pakona, ndipo kumeneko ndinalakwitsanso chifukwa batire yotere ukaisiya yophwa miyezi imaonongeka yokha. Kutentha kutayambiranso mu Seputembala inkagwira mwina theka la ola basi. Ndinaimba foni kushopu kuja, mnyamata wina osati uja akuti walanti ndi miyezi itatu, ndipo batire silowa mu walanti, "koma bweretsani tione madamu". Bweretsani tione! Makilomita pafupifupi 100 kupita, 100 kubwera, mafuta akusowa minibasi zikukweza mtengo m'mene zafunira, thiransipoti yokha ingagule batire. Lisiti ndinaliyang'ana, palibe polembedwa walanti, zinali zapakamwa. Amenewo ndi anthu a m'tauni, akadziwa kuti ukuchokera kuchigwa amadziwa kuti subweranso.

Batire yatsopano ndinagula ndi ndalama za ndale, ndisaname. Kampeni ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 inatipatsa ntchito atelala kuposa nyengo ya maukwati. Nsalu za zipani zinkagawidwa ngati mvula, yabuluu, yachikasu, yofiira, ya tambala, ndipo mayi mmodzi yemweyo amabwera Lolemba ndi nsalu ya uku, Lachinayi ndi nsalu ya uko, "mundisokere mofanana asisi, koma iyi muibise pansi". Ine ndinkasoka zonse, makina alibe chipani. Chovuta chinali kudula kuti nkhope ya mtsogoleri isagwere pamalo olakwika, kumbuyo kwa siketi kuja, zimatha nsalu yambiri. Pabenchi langa pankakhala ngati nyumba ya malamulo, fani ikuomba onse mofanana, uyu akuti mtengo wa chimanga, uyo akuti feteleza, wina akuti shuga amalimidwa pa Nchalo pompa koma timamugula ngati wachokera kunja. Mkulu wina wogulitsa ng'ombe anakumbutsa za doko la Nsanje lija linatsegulidwa ndi chisangalalo mu Okutobala 2010 nthawi ya Bingu wa Mutharika, akuti iye anapita kukaonerera ndipo mpaka lero akudikirabe sitima, anthu kuseka mpaka misozi. Ine ndale sindizitsata kwambiri, koma ndikakhala pa makina ndimaganiza kuti magetsi amapangidwa m'boma lathu lomwe lino ku Kapichira, madzi ake ndi Shire yemweyu amatikokolola, koma ine ndinagulitsa mbuzi kuti ndikhale ndi kamagetsi kangakanga ka padenga. Namondwe Ana ataphwanya damu la Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuyambira pamenepo aliyense kuno amene ali ndi kangachepe anayamba kuganiza za sola. Freddy anabweranso mu Malichi 2023 kudzamaliza zotsala. Ngalande yaikulu ya mthirira ija ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira komweko tikuiona ndi maso, imeneyo ndiye ndikuipempherera ifike kuno ndili moyo.

Mtengo wa batire nawo unandidabwitsa, mnyamata wokonza uja anakaitenga ku Blantyre ndipo mtengo umene anandiuza Lachiwiri si umene ndinalipira Loweruka, akuti dola aunt, dola. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja ndi dola basi, zipi dola, ulusi dola, singano dola, ngakhale wogulitsa masau tsiku lina adzatiuza za dola. Anandilangiza kuti tikanapeza ya lithiyamu ikanapirira kuphwetsedwa ndipo ndi yopepuka, koma ndalama yake inandithawa, komanso akuti si fani iliyonse imene tchaja yake imagwirizana nayo ndiye osangosintha mwachisawawa. Inu amene simunagule, muuzeni wogulitsa akuonetseni polembedwa mtundu wa batire ndi manambala aja a V ndi Ah, muchulukitse nokha pafoni ali pompo akuona. Akayamba kuzungulira tulukani. Chimene mukugula si mapiko aja ayi, mapiko ndi mota zanga zikadali bwino mpaka lero, mukugula batire, ndipo kuno muziwerengera kuti chaka chilichonse mudzagula ina.

Panelo yokha sindinaipeze chifukwa, koma ili ndi mwambo wake. Poyamba tinangoigoneka pa malata, ndipo masana inkatentha yosagwirika, kutchaja n'kumachedwa. Ndinkaganiza kuti dzuwa likachuluka ndiye bwino, kani panelo imafuna kuwala osati kutentha, ikatentha kwambiri mphamvu imatsika. Tinaikhazika pa timatabwa tiwiri kuti mphepo izidutsa pansi, n'kuipendeketsa pang'ono kuyang'ana kumpoto, zinasintha. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limaikwirira masiku awiri okha, ndiye mwana wanga wamkulu amakwera m'mawa kukapukuta ndi kansanza konyowa dzuwa lisanakwere. Madzulo timaitsitsa, chifukwa ya mnzanga wa saluni inapita usiku umodzi pamodzi ndi chingwe chake. Kukwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku kumatopetsa, ndipo mwanayo wayamba kulipiritsa mandasi.

Ndiye mukandifunsa kuti ndigule kapena ayi, ndimayamba ndafunsa kuti mukufuna ya masana kapena ya usiku. Ngati muli ndi shopu, kagolosale, saluni, kabenchi ka Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mukufuna mphepo dzuwa lili pamutu, gulani, simudzadandaula, bola chitenje ndi ndowa. Ngati mukufuna kugona usiku wonse ngati anthu a ku Bvumbwe, iyi yokha sikwanitsa, ikutulani pakati pa ulendo nthawi imene tulo tafika pokoma. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zitatu, imodzi ndachotsa chifukwa cha batire, ina chifukwa cha mnyamata wa bulangete uja amene ndikumusungirabe mawu.

Panopa ndinasintha kachitidwe, usiku ndimaika sipidi 2 kwa ola limodzi kuti ana agone kenako ndimatsitsa pa 1, ndipo kagetsi kofiira kakangoyamba kuphethira ndimazimitsa ngakhale mtima ukukana. Kunena zoona masiku ambiri sifikanso kumkeka kwathu. Apongozi anabwera mwezi watha kudzaonana ndi adokotala za BP yawo, usiku woyamba ndinawaikira fani pambali, m'mawa anangoti "takhuta mwananga" (m'Chisena ndiye kuti zikomo) n'kuikokera pafupi ndi mkeka wawo, ndipo za ulendo wobwerera ku Tengani sanazitchulenso. Bambo a kunyumba amene ankalira mbuzi aja ndi amene tsopano amainyamula pa njinga madzulo alionse kuchokera kushopu, atakulunga ndi chitenje kuti isalowe fumbi, ndipo dzulo ndinawamva akufunsa mnyamata wokonza uja kuti ya lithiyamu yafika zingati.